Kodi ndingatani kuti analimata ndi abuluzi asiye kulowa pakhonde lotchingidwa ndi waya?

Agogo a ku Salima analemba kuti:

Moni kwa nonsenu. Ndikupempha nzeru pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, koma ine yandisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo tsopano. Timakhala ku Salima, chakufupi ndi nyanja, ndipo chaka chatha tinatchinga khonde lathu lonse ndi waya wa sefa, uja akalipentala amautcha gozi, chifukwa mdzukulu wanga anadwala malungo kawiri m'dzinja limodzi ndipo tinkafuna malo oti banja lizikhalapo madzulo popanda kulumidwa ndi udzudzu. Khondelo ndi la mamita 6 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, lili ndi chitseko chimodzi chotulukira panja, ndipo denga lake ndi la malata opanda siling'i. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene m'nyumba simukhalika ndi kutentha, timadyera pomwepo chakudya chamadzulo.

Udzudzu unachepadi, koma analimata achuluka kuposa mmene analili tisanaike waya. Usiku uliwonse ndimawerenga asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri atazungulira babu, ndipo m'mawa ndimapeza zitosi zawo patebulo, pamipando ndi pamkeka pamene mdzukulu wanga wamng'ono, amene wangoyamba kumene kukwawa, amasewerera. Mlungu wathawu mmodzi anagwera m'ndowa ya madzi akumwa, ndipo ndinataya madzi onse. Masana kumabweranso abuluzi aja amizeremizere, amene amathamanga pansi n'kukabisala kuseri kwa miphika ya maluwa.

Ndayesa kuwapirikitsa ndi tsache, koma amangokwera kudenga n'kubwereranso ine ndikangochokapo. Mnzanga wina wa kumpingo anandiuza kuti ndiike zikokombe za mazira m'makona, ndipo ndinaikadi, koma nalimata wina ndinamuona atakhala pafupi penipeni ndi chikokombecho. Tsopano oyandikana nawo nyumba akundiuza kuti ndigule timibulu toyera tija timaikidwa m'masutikesi a zovala, n'kutimwaza pakhonde ponse. Ndisanatero ndati ndifunse kaye kwa odziwa. Kodi tinyama timeneti tikulowera pati, popeza waya sunabooke paliponse pamene ine ndikutha kuona? Kodi n'zoona kuti nalimata ali ndi poizoni? Sindikufuna kuwapha, ndikungofuna kuti azikhala kunja kwa waya.

Kalipentala wa ku Mangochi analemba kuti:

Zikomo agogo chifukwa cha funso lanu. Ndakhala ndikutchinga makonde ndi mawindo kuno ku Mangochi kwa zaka zambiri, ndipo ndikutsimikizireni kuti nalimata sangadutse pa mabowo a waya wa sefa, chifukwa mabowo amenewo amangopitirira pang'ono milimita imodzi. Akalowa ndiye kuti pali mpata pena pake m'mphepete, pamene waya, matabwa, khoma ndi denga zimakumana, ndipo malinga ndi mmene mwalongosolera khonde lanu ndikukayikira kwambiri kudengako.

Malata ali ndi mizere yokwera ndi yotsika. Akakhomedwa pa thabwa lowongoka, pansi pa mzere uliwonse wokwera pamatsala kabowo, moti pa khonde la mamita 6 timabowo timeneti timakhalapo makumi angapo. Munthu woima pansi satiwona bwino chifukwa thabwa limatiphimba, koma kwa nalimata umenewo ndi msewu waukulu. Pemphani mnyamata akwere pa makwerero masana ndi kuyang'ana pamwamba pa thabwa limene wayayo anathera. Akaona kuwala kwa dzuwa kukulowa pansi pa malata, mwapeza khomo lawo. Ngati pamenepo pali khoma la njerwa, mmisiri womanga atseke ndi zidutswa za njerwa ndi matope a simenti mpaka kukhudza malata, ntchito imene amisiri amaitcha beam filling. Ngati pali thabwa lokha, dulani zidutswa za waya wotsala, muzipinde n'kuzikanikiza mwamphamvu m'kabowo kalikonse, kenaka mukhome kathabwa kopyapyala kozigwira kuti zisagwe. Musatseke ndi nsanza kapena mapepala a pulasitiki, chifukwa zimafumbwa ndi kutentha kwa malata ndipo makoswe amazisolola.

Malo achiwiri ndi chitseko. Zitseko zambiri za waya zimakhala ndi mpata pansi, ndipo zikakhalitsa zimalendewera mbali imodzi n'kusiya mpata wina pamwamba. Tengani pensulo n'kuiyendetsa kuzungulira chitseko chili chotseka. Paliponse pamene pensulo yalowa, nalimata wamkulu akhoza kulowa, ndipo ana ake amadutsa ngakhale pocheperapo. Pansi pa chitseko khomanipo lamba wodulidwa ku chubu chakale cha galimoto, woti azikhudza simenti chitseko chikamatsekedwa. M'mbali ndi pamwamba khomani timatabwa pa felemu toti chitseko chizitsamira. Muikenso sipuling'i kuti chizidzitsekera chokha, pakuti pakhomo pamene pali ana chitseko chimakhala chotsekula nthawi yaitali kuposa mmene akuluakulu amaganizira. Abuluzi amizeremizere amene mukuwaona masanawo ndikukhulupirira kuti akulowera pomwepa, chifukwa iwo amakonda kuyenda pansi.

Malo achitatu ndi pamene felemu yatsamira khoma. Pulasitala sakhala wosalala ngati thabwa, choncho pamatsala ming'alu yaitali yopyapyala. Imeneyi ithireni silikoni, guluu uja womatira ming'alu, kapena muimate ndi simenti. Muyang'anenso pamene waya wa magetsi kapena paipi inalowera, kabowo kotulutsira madzi mukamakolopa, ndi njerwa zamabowo zolowetsa mpweya ngati zilipo pakhoma la pakati pa khonde ndi nyumba. Izi zomalizazi anthu amaziiwala kawirikawiri, chonsecho nalimata akhoza kukhala akuchokera m'denga la nyumba yaikulu, osati panja ayi.

Ngati mukufuna kutsimikiza musanawononge ndalama, wazani ufa pang'ono pansi pa chitseko ndi pamwamba pa thabwa lakudenga madzulo, ndipo m'mawa mudzaona timapazi ndi mzere wa mchira pamene adutsa. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi: kufupi ndi nyanja waya wachitsulo umachita dzimbiri msanga, makamaka m'munsi mmene mumafika madzi a mvula, ndipo umayamba kung'ambika motsatira thabwa pamene diso siliona. Ukanikizeni ndi chala m'mphepete monse. Mukadzafuna kusintha, funani wa aluminiyamu kapena wa fibreglass, umene suchita dzimbiri.

Mphunzitsi wa sayansi ku Zomba analemba kuti:

Zimene afotokoza bambo a ku Mangochi n'zoona, ndipo ndingowonjezera mbali ya chifukwa chimene tinyamati tikufunira kulowa, pakuti mukatseka mipata koma chowakopa chikadalipo, adzapitiriza kufunafuna mpaka atapeza pena.

Agogo, muli ndi alendo a mitundu iwiri amene khalidwe lawo ndi losiyana. Nalimata amasaka usiku. Kunsi kwa zala zake kuli timaubweya tambirimbiri tosaoneka ndi maso, timene timamuthandiza kumata pakhoma, pagalasi ngakhale kudenga chadodolido, ndipo n'chifukwa chake tsache silimugonjetsa. Amadya makamaka tizilombo tamoyo timene tikuyenda, monga agulugufe ausiku, ngumbi, mphemvu zazing'ono ndi akangaude. Mwanena nokha kuti mumawapeza atazungulira babu. Iwo safuna kuwalako ayi, koma tizilombo timene kuwalako kwaitana. Tsono taonani mtundu wa babu limene muli nalo. Tizilombo tambiri touluka usiku timakopeka kwambiri ndi kuwala koyera kopita ku buluu, ndipo sitikopeka kwenikweni ndi kuwala kwachikasu. Pa bokosi la babu la LED pamalembedwa nambala: lolembedwa 6500K limawala moyera mbee, pamene lolembedwa 2700K kapena 3000K limawala mofiirira ngati nyali ya parafini. Pakhonde ikanipo lachiwirili, losawala mopitirira muyeso, ndipo muzilizimitsa mukatha kudya. Ngati mumafuna kuwala usiku wonse chifukwa cha chitetezo, ikani babu lowala kwambirilo pa mtengo kapena pampanda, kutali ndi khonde, loyang'ana kunyumba. Tizilombo tidzasonkhana kumeneko ndipo analimata ambiri adzatitsatira.

Buluzi wamizeremizere ndi wamasana. Amawotha dzuwa pa njerwa, amasaka pansi, ndipo amafuna pobisala pafupi akadzidzimuka. Kwa iye chofunika ndi kuchotsa pakhonde ndi m'mphepete mwake zinthu zimene zimamupatsa pobisala: mulu wa nkhuni, njerwa zotsala pomanga, makatoni, matumba ndi miphika ya maluwa yogundana ndi khoma. Maluwa oyanga ndi nthambi za mango zokhudza denga zidulidwe, chifukwa ndi milatho ya mitundu yonse iwiri.

Palinso chinthu chimene chimakhumudwitsa anthu ambiri akamaliza kutseka. Nalimata wamkazi amaikira mazira awiri nthawi imodzi, oyera, ozungulira, a chikokombe cholimba, aakulu ngati nsawawa, ndipo amawabisa m'ming'alu, kuseri kwa zithunzi zapakhoma, pamwamba pa matabwa akudenga kapena kunsi kwa mipando imene siisunthidwa. Mazira amenewa amaswa patapita milungu ingapo, motero mukhoza kutseka bwinobwino koma mwezi wotsatira n'kuona tiana tatsopano m'kati. Musanatseke, tulutsani katundu yense, musese matabwa akudenga, ndipo mazira amene mwawapeza mukawaike kunja pamalo ouma obisika.

Otsala m'kati muwagwire m'mawa kwambiri kusanatenthe, chifukwa thupi la buluzi limadalira kutentha kwa malo amene ali ndipo kukazizira amakhala waulesi. Muvundikireni ndi kapu yapulasitiki kapena chitini, lowetsani kakatoni kopyapyala pakati pa kapuyo ndi khoma, n'kukamutaya kumitengo. Musamugwire mchira, poti amaudula dala kuti apulumuke, ndipo ngakhale umaphukanso, zimamutengera mphamvu zambiri.

Pa funso lanu la poizoni, yankho ndi lakuti nalimata alibe ululu uliwonse, kaya m'kamwa kaya pakhungu, ndipo sayambitsa matenda a pakhungu monga ena amanenera. Ana a sukulu amandifunsa zimenezi chaka chilichonse, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona kanyama kosalakwa kakuphedwa ndi miyala chifukwa cha mbiri yabodza. Zikokombe za mazira mwaziona nokha kuti sizithandiza. Kuika poizoni m'chakudya n'kosathandizanso, popeza nalimata kawirikawiri sadya nsima kapena ufa wongokhala pansi, ndipo amene angadye nyamboyo ndi nkhuku, mphaka kapena mwana.

Bambo wa ku Nkhata Bay analemba kuti:

Ine ndisiyana pang'ono ndi anzanga amene ayankha kale, ndipo agogo mundikhululukire ngati ndikupatutsa nkhani. Kwathu kuno nkhungu, tizilombo touluka tating'onoting'ono tija, zikatuluka m'nyanja n'kuwombedwa ndi mphepo kubwera kumtunda, palibe waya wa sefa wamba umene umaziletsa zonse, chifukwa ndi zazing'ono kwambiri. Zimalowa, zimadzaza pa babu, ndipo amene amatithandiza kuzichepetsa m'kati ndi analimata omwewo. Chimodzimodzinso mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kuyamba kuuluka. Ine ndinayesapo kuwachotsa onse chaka china, ndipo chimene ndinaona n'chakuti akangaude ndi mphemvu zinachuluka m'makona. Kuyambira pamenepo ndinaleka kulimbana nawo. Ndinangosuntha tebulo kuti lisakhale pansi pa babu, popeza zitosi zambiri zimagwera pomwe iwo amasakira, ndipo vuto lalikulu linathera pomwepo.

Komabe pali chifukwa chimodzi chimene ndikuvomerezera kuti asamachuluke kwambiri. Pamene pali analimata ambiri pamabweranso njoka zowasaka. Tsiku lina ndinapeza njoka yobiriwira yowonda, yamathothomathotho akuda, itapinda pa thabwa lakudenga la khonde langa. Wodziwa za njoka anandiuza kuti mtundu umenewo ulibe ululu woopsa ndipo chakudya chake chachikulu ndi abuluzi ndi achule, koma munthu wamba sangasiyanitse msanga njoka zobiriwira, pakuti zina mwa izo ndi zakupha. Choncho mipata yakudenga ija itsekedwe ndithu. Chimene ndikunena n'chakuti ngati atatsala mmodzi kapena awiri m'kati, musadzivutitse nawo mtima.

Namwino wopuma pa ntchito analemba kuti:

Agogo, ndalemba mofulumira chifukwa cha timibulu ta m'masutikesi timene mwauzidwa kuti mugule. Chonde musatiike pakhonde pamene mwana akukwawa. Tambiri mwa timibulu timeneti timapangidwa ndi mankhwala otchedwa naphthalene, ndipo kwa mwana wamng'ono timaoneka ngati maswiti. Mwana akameza ngakhale kamodzi, mankhwalawo akhoza kuphwanya maselo ofiira a magazi, mwana n'kuyamba chikasu, kutuluka mkodzo wakuda ndi kuchepa magazi mwadzidzidzi. Ngoziyi imakula kwambiri kwa ana amene anabadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD, limene limapezeka kawirikawiri kuno ku Africa, makamaka mwa anyamata, ndipo makolo ambiri sadziwa kuti mwana wawo ali nalo. Fungo lake lokhalo likamapumidwa tsiku ndi tsiku si labwino kwa khanda. Ndikuletsaninso mankhwala a kumunda ndi a makoswe, komanso zomatira zija zogwirira makoswe, zimene zimazunza kanyama kwa masiku ndipo mwana akhoza kuzigwira.

Aphunzitsi anena zoona kuti nalimata alibe poizoni, koma nkhawa yanu ya zitosi ndi yomveka. Abuluzi a mitundu yonse amatha kukhala ndi majeremusi a Salmonella m'matumbo mwawo iwo osadwala, ndipo majeremusiwo amatuluka ndi zitosi. Munthu wamkulu wathanzi kawirikawiri sapeza vuto, koma mwana wokwawa, amene chilichonse chimene wagwira chimapita kukamwa, akhoza kutsekula m'mimba ndi kutentha thupi. Munachita bwino kutaya madzi aja. Chitosi cha nalimata n'chosavuta kuchizindikira, chifukwa ndi chakuda chokhala ndi kadontho koyera kunsonga, kusiyana ndi cha khoswe chimene chilibe koyerako. Musachisese chili chouma. Chinyowetseni kaye, muchipukute ndi pepala kapena kansalu, kenaka mutsuke malowo ndi madzi a sopo, n'kumaliza ndi madzi othira kulorini pang'ono monga mwa malangizo a pabotolo, osasakaniza ndi mankhwala ena otsukira. Mkeka wa mwana muziupinda usiku n'kuulowetsa m'nyumba, ndowa ya madzi akumwa izikhala yovundikira nthawi zonse, ndipo mbale zizikhala zovundikira kapena m'kabati.

Kwa bambo a ku Nkhata Bay ndinene mwaulemu kuti nalimata amadyadi udzudzu akaupeza, koma sangatetezere banja ku malungo, ndipo munthu asasiye mpata potseka poganiza kuti analimata agwira ntchitoyo. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowa m'nyumba kudzera pamwamba, pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, womwewo umene akalipentala akuukayikira. N'chifukwa chake ntchito yolimbana ndi malungo imene inachitika m'midzi yozungulira Majete ku Chikwawa inkaphunzitsa anthu kutseka mipata imeneyi ndi kuika waya pa mawindo. Agogo, ngati nalimata wamkulu akutha kulowa pakhonde panu, ndiye kuti udzudzu ukulowanso, ngakhale mukuona ngati unachepa. Ana apitirize kugona m'neti usiku uliwonse.

Agogo a ku Salima analembanso kuti:

Ndikuthokozani nonse kuchokera pansi pa mtima, ndipo ndabwera kudzakuuzani zimene tapeza. Loweruka mwana wanga wamwamuna anakwera kukayang'ana kudenga monga ananenera akalipentala, ndipo anapeza kuti pansi pa malata ponse panali potsekula, kuyambira kukona mpaka kukona. Pamwamba pa thabwa anapezaponso mazira anayi ndi zikokombe zambiri zoswedwa kale, kusonyeza kuti akhala akuswana pomwepo chichokereni pamene tinaika waya. Tatseka timabowo tonse ndi zidutswa za waya, takhoma lamba wa chubu pansi pa chitseko, nkhuni tazisamutsira kukhitchini yapanja, ndipo babu tasintha n'kuika lachikasu. Tebulo nalonso talisuntha, potsatira nzeru ya bambo a ku Nkhata Bay. Timibulu tija sindinagule, ndipo amayi anamwino ndikuthokozani mwapadera, pakuti ndikanatimwaza pamkeka pomwe pa mwana. Ndawauzanso oyandikana nawo aja, chifukwa iwo ali nato m'nyumba mwawo ndipo ali ndi ana aang'ono.

M'masiku asanu apitawa tagwira analimata asanu ndi kapu n'kukawasiya ku mtengo wa mango wa kumpanda. Abuluzi amasana sindinawaonenso m'kati. Atsala analimata awiri amene amathawira mu mng'alu wa pakati pa felemu ndi khoma, ndipo ndaima kaye osathira silikoni pamenepo poopa kuwatsekera m'kati kuti aferemo. Kodi pamenepa ndichite bwanji?

Kalipentala wa ku Mangochi anayankha kuti:

Mwachita bwino kudikira, agogo. Mng'alu umenewo uyenera kuti ukutulukira kunja, choncho yambani ndi mbali ya m'kati. Dikirani usiku pamene awiriwo atuluka kukasaka pa babu, mutseke mng'aluwo ndi pepala lopindapinda kuti asabwereremo, ndipo m'mawa mudzawagwira mosavuta pakhoma popeza adzasowa kothawira. Mukatero chotsani pepalalo, muunikemo ndi tochi, n'kuthira silikoni mbali ya m'kati yokha. Mbali ya kunja muisiye masiku atatu kapena anayi kuti aliyense amene watsalamo atuluke, kenaka muimate ndi simenti. Mvula ikadzayamba mudzayang'anenso chitseko, chifukwa matabwa akamwa chinyezi amafufuma ndipo sipuling'i ikhoza kulephera kuchikoka mpaka kumapeto; chikatero, muchipale pang'ono pamene chikugwira.